Moto Wosasankha Munda: Kodi Maiko Achite Chiyani ndi Zida Zofalitsa Matenda?

M'zidikha za Kasungu, fodya akatha kukololedwa ndipo mabelo ayamba ulendo wa ku msika wa Chinkhoma, m'munda mumatsala ntchito imodzi imene munthu salipidwa nayo. Ntchitoyo ndiyo kuzula mapesi. Mlimi amakhala atatopa, maganizo ake ali pa mitengo ya ku okushoni ndi pa ngongole ya feteleza, ndipo mapesi otsalawo amaoneka ngati alibe vuto. Komabe alangizi saleka kukumbutsa chaka ndi chaka kuti azulidwe. Chifukwa chake nchakuti mapesiwo akaphukiranso, mphukira zake zimasunga nsabwe zonyamula matenda opinimbiritsa fodya, ndipo nazale zikafesedwa m'madambo, nsabwezo zimauluka ndi mphepo. Sizifunsa kuti munda uwu ngwa yani. Zimatera m'nazale ya amene sanazule uja, zimateranso m'nazale ya mnansi wake amene anazula pa nthawi yake.

Ngakhale ife amene sitilima fodya tikulidziwa phunziro limeneli. Tinaliona m'chimanga m'chaka cha 2017, pamene mbozi za ntchemberezandonda zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20. Timaliona chitopa chikalowa m'khola limodzi la nkhuku ndi kutsiriza mudzi wonse. Matenda sadziwa malire.

Tsono nkhani imene tiyenera kuilingalira njakuti pa dziko lapansi pakhala anthu ophunzira kwambiri, olipidwa ndi maboma awo, amene anakhala pansi kufunafuna njira yosandutsira matenda kukhala chida chankhondo. Kodi maiko achite chiyani ndi chiopsezo chotere? Yankho limene tidzaliyesa m'nkhani ino ndi ili: chida chofalitsa matenda sichiletsedwa ndi chida chinzake, koma ndi khomo lotsegula ndi chipatala cholimba.

Chida Chopanda Chogwirira

Mkondo uli ndi nsonga ndiponso uli ndi chogwirira. Mwini wake amasankha womulasa, ndipo akafuna kuleka amauika pansi. Mfuti nayo imakhala chete nkhondo ikatha. Koma kachilombo koyambitsa matenda ndi chamoyo. Kamaswana, kamayenda ndi mphepo, ndi madzi, ndi utitiri, ndi mpweya wa mayi amene akuyamwitsa mwana wake. Sikadziwa msilikali, sikadziwa namwino, ndipo sikamva kuti atsogoleri asainirana za mtendere.

Taganizirani za anthrax, matenda a ng'ombe ndi nyama zakuthengo amene amagwiranso anthu. Kachilombo kake kakatuluka m'thupi la nyama yakufa kamadzitsekera m'kachikhungwa kolimba, ndipo kangagone m'nthaka zaka makumi ambiri kali moyo. M'chaka cha 1942 boma la Britain linayesa mabomba a anthrax pa nkhosa pa kachilumba ka Gruinard, ku Scotland. Nkhosazo zinafa m'masiku owerengeka, koma nthaka inakhala yoopsa kufikira pamene inatsukidwa ndi mankhwala amphamvu m'chaka cha 1986, ndipo anthu analoledwa kupondapo mwaufulu m'chaka cha 1990. Kuyesa kwa kanthawi kochepa kunatseka chilumba zaka 48.

Ku China, gulu la asilikali a Japan lotchedwa Unit 731, lotsogozedwa ndi dokotala Shiro Ishii, linayesa matenda pa akaidi amoyo pafupi ndi mzinda wa Harbin, ndipo m'chaka cha 1940 ndege zawo zinamwaza utitiri wonyamula mliri wa makoswe pa mzinda wa Ningbo. Anthu wamba ndiwo anafa. Ndipo pamene anathira tizilombo m'zitsime ndi m'zakudya m'chigawo cha Zhejiang m'chaka cha 1942, asilikali a Japan omwe ambiri anadwala ndi kufa nawo matendawo. Makolo athu sananame ponena kuti choipa chitsata mwini.

Si Nkhani ya Kutsidya kwa Nyanja Kokha

Wina anganene kuti zimenezi ndi za azungu ndi Amwenye, sizikutikhudza ife alimi. Koma njira yochoka ku Kasungu kupita ku Halale njakale. Agogo athu ambiri anaiyenda kukagwira ntchito m'mapulazi a fodya ndi m'migodi ya Rhodesia, ndipo ena anatchona komweko, kotero kuti zidzukulu zawo zili ku Zimbabwe kufikira lero. Zimene zinachitika kumeneko zinachitikira abale athu.

Nkhondo ya ufulu isanakule, anthu odwala anthrax m'dziko limenelo anali pafupifupi 13 pa chaka. Koma kumapeto kwa chaka cha 1978 matendawa anabuka m'boma la Nkayi, ndipo pofika kumapeto kwa 1980 anali atagwira anthu oposa 10,000, mwa iwo 182 namwalira. Ng'ombe zosawerengeka zinafa. Chodabwitsa chinali chakuti mliriwo unasakaza kwambiri m'madera osungidwira anthu akuda, pamene mapulazi a azungu sanakhudzidwe kwenikweni. M'chaka cha 1992 dokotala wa ku America, Meryl Nass, analemba kuti mliriwo uyenera kuti unafalitsidwa dala ndi asilikali a boma la Ian Smith. Akatswiri ena amene anafufuza pambuyo pake anatsutsa, nanena kuti nkhondo inaphwanya madibi, inaimitsa katemera wa ziweto ndi kuthamangitsa alangizi m'midzi, ndipo anthu anjala anadya nyama ya ng'ombe zofa zokha. Akatswiriwo akutsutsanabe.

Tiyeni tisunge mfundo ziwiri kuchokera m'nkhani imeneyi. Yoyamba njakuti patapita zaka zoposa 40, anthu sanagwirizanebe ngati panali dzanja la munthu kapena ai. Yachiwiri njakuti kaya dzanjalo linalipo kaya panalibe, chimene chinatsegulira mliri njira ndicho kugwa kwa dibi ndi katemera.

Za ku South Africa zokha zinatulukira poyera. Kuyambira m'chaka cha 1981 boma la tsankho linali ndi ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Coast, yotsogozedwa ndi dokotala wa matenda a mtima, Wouter Basson, ndipo ina mwa ntchitoyo inkachitikira m'labotale ya ku Roodeplaat, pafupi ndi Pretoria. M'chaka cha 1998 bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, limene wapampando wake anali Akibishopu Desmond Tutu, linaona mndandanda wa katundu wa m'chaka cha 1989. Pa mndandandawo panali mabotolo a tizilombo ta kolera, chokoleti chothiridwa poizoni, ndi ndudu za fodya zothiridwa anthrax. Mboni zinanenanso kuti panali kafukufuku wofuna njira yochepetsera kubereka pakati pa anthu akuda. Basson anazengedwa mlandu ndipo khoti linampeza wosalakwa m'chaka cha 2002; koma kuti ntchitoyo inalipo, palibe amene akukana. Anaigwira anali madokotala a anthu ndi a ziweto, anthu amene anaphunzira kuti achiritse.

Yankho Loyamba: "Nafenso Tikhale Nazo"

Mtima wa munthu ukamva zotere, yankho limene limabwera msanga ndi lakuti dziko lililonse lidzipangire zida zakezake kuti mdani aope. Tisalipeputse ganizo limeneli. Mtumwi Paulo, pa Aroma 13:1-4, akuvomereza kuti wolamulira ali ndi udindo woletsa ochita zoipa. Mtsogoleri amene angasiye anthu ake pambalambanda sakhala wolungama chifukwa chakuti manja ake ali oyera. Nanga nchifukwa ninji tikunena kuti yankho limeneli nlolakwika?

Chifukwa choyamba nchakuti kuopseza kumagwira ntchito pokhapo pamene wolakwa akudziwika. Bomba likagwa, anthu amadziwa kumene lachokera. Koma mliri ukabuka, ndani adzanene motsimikiza kuti wabwera ndi mdani, kapena ndi mvula, kapena ndi nyama ya pa msika? Taona kale za ku Zimbabwe. Dziko lobwezera mliri ndi mliri lingalange mtundu wosalakwa.

Chifukwa chachiwiri nchakuti chida chotere chimaluma wochisunga. Mu April 1979, pa fakitale yachinsinsi ya asilikali mumzinda wa Sverdlovsk ku Soviet Union, fumbi la anthrax linapulumukira kunja. Anthu osachepera 66 anamwalira. Boma linanena kuti anadya nyama yoipa, ndipo bodzalo linakhala zaka 13, kufikira pamene Pulezidenti Boris Yeltsin anavomera m'chaka cha 1992 kuti asilikali ndiwo anachititsa. Ofufuza atalemba pa mapu malo amene odwalawo anali, anapeza kuti anandanda mumzere umodzi wotsata kumene mphepo inalowera tsiku limenelo. Ku America nako, makalata okhala ndi ufa wa anthrax anapha anthu 5 ndi kudwalitsa ena 17 m'chaka cha 2001, ndipo apolisi a FBI anatsiriza kafukufuku wawo ponena kuti tizilomboto tinachokera m'labotale ya asilikali a dziko lomwelo ku Fort Detrick.

Chifukwa chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ndi cha chikumbumtima. Pa Eksodo 22:6 pali lamulo lonena za munthu amene wayatsa moto, motowo nugwirira minga ndi kukapsereza tirigu wa mnzake. Lamulolo silifunsa ngati anafuna kutentha munda wa mnzakeyo. Limamlipiritsa chifukwa iye ndiye anayatsa. Tonse tikudziwa za anyamata otentha tchire posaka mbewa m'chilimwe, moto nukathera pa chigafa cha munthu wina kapena pa nkhokwe ya mayi wamasiye. Kunena kuti "sindinafune" sikubwezeretsa chimanga. Wofalitsa mliri amadziwiratu kuti adzapha ana, okalamba ndi odwala poyamba, pakuti iwo ndiwo ofooka. Ngati Mose analetsa ngakhale kudula mitengo ya zipatso pozinga mudzi wa adani (Deuteronomo 20:19), kuli bwanji kuthira imfa m'chitsime chimene adzamwamo ana osabadwa?

Ena adzati, nanga miliri ya ku Aigupto? Tikumbuke kuti palibe paliponse m'Malemba pamene mphamvu imeneyo inaperekedwa m'manja mwa mfumu kuti iigwiritse ntchito monga ifunira. Davide yemwe, atapatsidwa kusankha chilango, anaona kuti nkwabwino kugwa m'dzanja la Mulungu, mmene muli chifundo, kusiyana ndi kugwa m'dzanja la munthu (2 Samueli 24:14). Munthu angayambitse mliri, koma alibe mau oulamulira kuti uleke.

Pangano Lopanda Woyendera

Maiko anafika pozindikira zimenezi. Ku Geneva m'chaka cha 1925 anapangana kusagwiritsa ntchito tizilombo pa nkhondo, ngakhale kuti sanaletse kutipanga ndi kutisunga. Mu November 1969 Pulezidenti Richard Nixon analengeza kuti America yasiya zida zotere ndipo idzaononga zimene inali nazo. Pa 10 April 1972 panatsegulidwa pangano loletseratu kupanga, kusunga ndi kupatsana zida zofalitsa matenda, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 26 March 1975. Maiko oposa 180 analowamo. Dziko lathu la Malawi linasaina m'chaka cha 1972 ndipo linatsiriza kulivomereza m'chaka cha 2013.

Limeneli ndi pangano labwino, koma lili ndi mpata waukulu: lilibe oyendera. Pangano loletsa zida za mankhwala a poizoni lili ndi bungwe lake ku The Hague limene limatumiza akatswiri kukaona mafakitale. Pangano la tizilombo lili ndi kaofesi kakang'ono ku Geneva, kamene kanakhazikitsidwa m'chaka cha 2006, ndipo kalibe mphamvu yolowa m'labotale ya dziko lililonse. Maiko anakambirana zaka zingapo za njira yoyenderana, koma mu July 2001 America inakana chikalatacho, ponena kuti sichingagwire onyenga ndiponso chingaulule zinsinsi za makampani ndi za chitetezo. M'chaka cha 2022 maiko anasankha gulu lakuti liyambenso kukambirana za kulimbitsa panganoli.

Zotsatira za mpata umenewu taziona kale. Soviet Union inali m'panganoli pamene ngozi ya ku Sverdlovsk inachitika. South Africa inalivomereza m'chaka cha 1975, niyamba Project Coast patapita zaka 6 zokha. Zili ngati mudzi umene wagwirizana pa bwalo la mfumu kuti aliyense azule mapesi, koma aliyense wamanga mpanda wautali ndipo akukana kuti mlangizi asuzumire m'munda mwake.

Nzoona kuti kuyendera nkovuta. Chiwiya chimene chimaswetsa tizilombo topangira katemera chingathenso kuswetsa tizilombo tophera anthu, ndipo labotale ingabisike m'nyumba yaing'ono. Woyendera sangagwire onyenga onse. Komatu mlonda sagwira akuba onse, ndipo palibe amene amati tichotse alonda. Kuyendera kumakweza mtengo wa chinyengo, kumapatsa wantchito wa chikumbumtima malo okanenako, ndipo kumayeretsa dzina la wosalakwa. Pa Levitiko 13 munthu wokayikiridwa khate sanali kudziweruza yekha; anali kukaonekera kwa wansembe, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka, pakuti thanzi la msasa wonse linali pa iye. Chomwecho choyamba chimene maiko ayenera kuchita ndicho kutsegula makomo, ndipo oyamba kutsegula akhale amphamvu. Dziko lalikulu limene lifuna kuyendera anzake koma likana kuyenderedwa likuphunzitsa ena onse kubisa.

Funso Lovuta la m'Banja Mwathu

Nkhani imeneyi inafika pakhomo pa mpingo wathu, ndipo sitiyenera kuilambalala. Kuyambira m'chaka cha 1954 kufikira 1973, anyamata pafupifupi 2,300 a m'gulu lankhondo la America, ambiri a iwo Aadventisti amene anakana kunyamula mfuti, anadzipereka pa ntchito yotchedwa Operation Whitecoat ku Fort Detrick. Ena a iwo analola kupatsidwa dala matenda monga Q fever ndi tularemia kuti madokotala aphunzire kachiritsidwe kake ndi kuyesa katemera. Anali kufotokozeredwa za kuyesako ndipo anali ndi ufulu wokana. Palibe amene anamwalira pa nthawi ya kuyesako. Ntchito yawo inathandiza pa katemera wa matenda angapo, kuphatikizapo Rift Valley fever, imene imavutitsa ziweto ndi anthu mu Africa muno. Atsogoleri a mpingo anaivomereza monga njira yotumikira dziko mopulumutsa moyo.

Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 abale ena mumpingo momwemo anafunsa funso lolasa mtima. Pa malo omwewo a Fort Detrick, kufikira m'chaka cha 1969, panalinso ntchito yopanga zida zofalitsa matenda. Kudziwa kuchuluka kwa tizilombo timene tingadwalitse munthu kumathandiza wopanga katemera, komanso kumathandiza wopanga bomba. Kodi chishango chimathera pati, ndipo mkondo umayambira pati?

Sitili pano kuti tiweruze anyamata amene anapereka matupi awo pofuna kusapha. Kulimba mtima kwawo nkoyenera ulemu. Koma funso la abale aja nalonso nloyenera ulemu, ndipo likali ndi ntchito lero, pamene nzeru zosintha chibadwa cha tizilombo zafalikira ndipo zatsika mtengo. Maiko sangaleke kuphunzira za matenda oopsa, pakuti popanda kutero sipangakhale katemera. Tingayese ntchito yotere ndi mafunso atatu. Kodi ikuchitika poyera, kotero kuti akatswiri a maiko ena angaione? Kodi amene moyo wawo uli pa ngozi auzidwa zoona ndipo avomera mwaufulu? Kodi chipatso chake chidzaperekedwa kwa onse, ndi kwa mdani yemwe? Ntchito yochiritsa siopa mafunso amenewa. Imene ikuwathawa yayamba kale kupendekera ku mdima, monga Ambuye anaphunzitsira pa Yohane 3:20, 21 za chifukwa chimene ochita zoipa amadana ndi kuunika.

Chishango Chenicheni

Tibwerere ku mfundo yachiwiri ya ku Zimbabwe. Tiyerekeze kuti mdani wamwaza tizilombo m'dera la Santhe kapena la Chamama. Kodi woyamba kudziwa adzakhala ndani? Sadzakhala kazembe wankhondo. Adzakhala mlangizi wa zaumoyo woyenda pa njinga, amene waona kuti ana asanu a mudzi umodzi adwala mofanana. Adzakhala mlangizi wa ziweto amene wamva kuti ng'ombe zitatu zafa usiku umodzi zikutuluka magazi m'mphuno. Adzakhala namwino wa pa chipatala chaching'ono, ndi wa m'labotale amene adzayeze magaziwo. Ngati anthu amenewa alipo, ali ndi zipangizo, ndipo mau awo akumveka msanga ku likulu, mliri umazimitsidwa ukali kamoto. Ngati palibe, sipafunika ndi mdani yemwe.

Apa pali chinthu chotonthoza. Zonse zimene dziko lingachite podziteteza ku mliri wa dala ndi zomwezo zimene liyenera kuchita podziteteza ku mliri wachilengedwe: madzi abwino, katemera wa ana ndi wa ziweto, malabotale, mankhwala m'zipatala, ndi malipiro a antchito a zaumoyo pa nthawi yake. Ndalama yogulira chida imagona m'nkhokwe kudikira tsiku loipa. Ndalama yokumbira mjigo imagwira ntchito tsiku lililonse, ngakhale mdaniyo asabwere konse. Kolera imene inayamba mu March 2022 inagwira anthu oposa 58,000 m'Malawi ndi kupha oposa 1,700. Palibe mdani anaitumiza. Inangopeza makomo amene mdani akanapeza.

Ndipo chishango chimenechi dziko limodzi silingachigwire lokha. Mu February 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo ofufuza anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Malawi ndi maiko oyandikana nawo anayenera kutemera ana mamiliyoni ambiri pamodzi. Nthomba, imene inasiya zipsera pa nkhope za agogo athu, inathetsedwa pa dziko lonse m'chaka cha 1980, chifukwa America ndi Soviet Union, ali pakati pa udani wawo, anagwirizana pa ntchito ya katemera. Pangano la 1972 lomwe lija lili ndi ndime yolimbikitsa maiko kugawana nzeru ndi zipangizo zolimbanira ndi matenda. Maiko olemera amene amasunga katemera kufikira atakhuta okha akusiya mapesi m'munda wa mnansi, naiwala kumene mphepo imalowera.

Payeneranso kukhala chilungamo kwa onena zoona. Mu November 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anadziwitsa dziko lonse msanga za mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid-19 wotchedwa Omicron. Malipiro awo anali akuti maiko angapo olemera anatseka maulendo ochokera kummwera kwa Africa, ndi ku Malawi komwe. Ngati wonena zoona alangidwa, mawa adzakhala chete, ndipo kukhala chete ndiko chakudya cha mliri.

Poizoni Wachiwiri

Zida zimenezi zimapha ngakhale zisanagwiritsidwe ntchito, pakuti zimaononga chikhulupiriro cha anthu mwa ochiritsa. M'zaka za m'ma 1980 akazitape a Soviet Union anafalitsa bodza lakuti Edzi inapangidwa m'labotale ya asilikali a America, ndipo mkulu wa akazitape a Russia anavomera zimenezi m'chaka cha 1992. Bodzalo linamera bwino mu Africa chifukwa nthaka inali yolimidwa kale: anthu anali kudziwa kuti maboma ena amachitadi zoipa mseri. Munthu amene wamva za Roodeplaat savutika kukhulupirira kuti katemera wa mwana wake ndi msampha.

Kwathu kuno taona kumene mphekesera zimafikitsa. M'chaka cha 2017 anthu angapo anaphedwa m'maboma a kummwera, monga Mulanje ndi Phalombe, powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo antchito ena a zaumoyo anaopa kulowa m'midzi. Mudzi wothamangitsa namwino wagwetsa wokha mpanda wake. Chotero boma lobisa limalakwa kawiri: limaika anthu pa ngozi, ndiponso limapatsa wabodza aliyense mpando. Ifenso timalakwa pamene titumiza pa foni uthenga woopseza umene sitinaufufuze. Lamulo loletsa umboni wonama silinaleke kugwira ntchito chifukwa chakuti umboniwo talandira kwa mbale wa mumpingo.

Gawo Lathu

Sitikhala nawo pa misonkhano ya ku Geneva, koma sitili opanda gawo. Palibe mfumu imene inapangapo chida chofalitsa matenda ndi manja ake. Nthawi zonse imafuna dokotala, katswiri wa m'labotale, kalaliki ndi dalaivala. Farao atafuna kupha ana aamuna a Ahebri mwakachetechete, anaitana anamwino awiri, Sifra ndi Puwa, pakuti iwo ndiwo anali kufika pamene asilikali sakanafika. Akaziwo anaopa Mulungu, nakana (Eksodo 1:15-21). Ana athu amene tikuwatumiza ku sukulu za udokotala, za ziweto ndi za sayansi adzakhala ndi nzeru zimene zingachiritse kapena kupha. Tisawaphunzitse kukhoza mayeso kokha. Tiwaphunzitsenso kuti pali ntchito zina zimene Mkristu amakana, ngakhale malipiro ake akhale otani, ngakhale wolamulayo akhale yani.

Pali zinanso zapafupi. Ng'ombe ikafa yokha mosadziwika bwino, tisaisende ndi kugawana nyama, ngakhale ndiwo zikhale zosowa. Tiitane mlangizi wa ziweto. Tipite ndi ana ku katemera. Tisamale mjigo ndi chimbudzi. Tilandire antchito a zaumoyo monga alonda a mudzi. Ndipo pamene aphungu athu abwera kudzapempha mavoti, tiwafunse za mankhwala m'chipatala ndi za dibi limene linagwa, pakuti chimenecho ndicho chitetezo cha dziko.

Mlimi wozula mapesi m'mwezi wa dzuwa sadziwa kuti wapulumutsa nazale ya yani. Mwina ndi ya mnzake, mwina ndi ya munthu amene anakangana naye za malire chaka chatha. Amazulabe, chifukwa mphepo ya ku Kasungu imaomba pa minda yonse. Maiko nawo ali m'chidikha chimodzi. Amene afuna kuti ana ake apume mpweya wabwino ayenera kufunira zomwezo ana a mdani wake.

Mafunso Okambirana m'Kalasi

1. Lamulo la pa Eksodo 22:6 limalipiritsa woyatsa moto ngakhale sanafune kutentha munda wa mnzake. Kodi mfundo imeneyi ikunena chiyani kwa dziko limene likusunga tizilombo toopsa ponena kuti likungodziteteza?

2. Mukanakhala mnyamata woitanidwa ku Operation Whitecoat, kodi mukanafunsa mafunso otani musanavomere? Kodi mpingo uyenera kulangiza bwanji mamembala ake pa ntchito imene ingathandize ochiritsa ndi ankhondo omwe?

3. Kodi tingasiyanitse bwanji kukayikira koyenera ndi mphekesera zoononga? Mungamuthandize bwanji mbale amene akukana katemera wa mwana wake chifukwa cha mantha?

4. Tchulani chinthu chimodzi chimene kalasi lanu lingachite m'miyezi itatu ino pothandiza thanzi la mudzi wonse, ndi la iwo amene sali a mpingo wathu.